Arduino ikakana kulandira pulogalamu, yambirani pa chingwe

Pali mawu anayi a Chingerezi amene aliyense woseweretsa Arduino, kabolodi ka zamagetsi kamene mumakalembera pulogalamu pa kompyuta, amawaloweza asakufuna: programmer is not responding. Amatuluka m'munsi mwa sikirini kakhumi motsatizana, nthawi imene mwamaliza kulemba pulogalamu, mwadina Upload, mwatsamira mpando kudikira kuti kagetsi kayambe kuphethira. Kagetsi zii.

Ine mawu amenewa anandichezetsa usiku wonse. Ndinkapanga kachipangizo koyeza madzi mu thanki ya pakhomo kuti ndileke kukwera makwerero m'mawa uliwonse kukasuzumira. Zofunika zinali zochepa: Arduino Nano ndi kasensa ka HC-SR04, kamene kamaponya kaphokoso kosamveka m'makutu mwa munthu n'kuwerenga nthawi imene katenga kuti kabwerere. Pulogalamu inalibe cholakwika. Koma ndinafufuta Arduino IDE, pulogalamu ya pa kompyuta yolembera ndi kutumizira mapulogalamu ku bolodi, n'kuikanso kawiri, bandulo ya intaneti n'kuthera pomwepo, ndipo pofika 2 koloko ndinali nditaweruza kale kuti amene anandigulitsa bolodi uja ndi tambwali. Kutacha ndinabwereka chingwe china cha USB kwa mnzanga. Pulogalamu inalowa nthawi yomweyo. Chingwe changa chija chinali chochajira kawailesi, ndipo ntchito yake inali yomweyo basi.

Ndiye zimene ndalemba panozi ndazisanja kuyambira pa chotchipa kufika pa chodula. Musadumphe. Bolodi latsopano loitanitsa ku China limatenga masabata kuti lifike, ndipo kawirikawiri lakale lija limakhala lilibe mlandu.

Choyamba, dziwani pamene zafera

Mukadina Upload pamachitika ntchito ziwiri zosiyana. Yoyamba imathera pa kompyuta pomwepo: Arduino IDE imasandutsa zimene mwalemba kukhala chinenero cha kachip. Yachiwiri ndi ya kapulogalamu kena kotchedwa avrdude, kamene kamanyamula zomasuliridwazo kupita nazo pa bolodi kudzera pa USB. Anthu ambiri amasokoneza ziwirizi, n'kumagwedeza mawaya pamene vuto ndi kachizindikiro kamodzi koiwalika pa mzere wa 14.

Dinani batani la Verify, lija lili ndi kachizindikiro kochonga. Limeneli silikhudza bolodi n'komwe. Likadandaula kuti expected ';' before, mwaiwala semicolon, ndipo kawirikawiri ndi pa mzere wa pamwamba pa umene wakusonyezaniwo. Likati No such file or directory n'kutchula fayilo yothera ndi .h, ndiye kuti library, mtolo wa malangizo olembedwa kale, imene pulogalamu ikufuna simunaiike. Zimenezo konzani pa kiyibodi, bolodi lisiyeni.

Verify ikadutsa bwino, ikani pulogalamu yanuyo pambali. Tsegulani File, Examples, 01.Basics, Blink. Kuyambira pano muziyesera Blink yokha, kapulogalamu kongophethiritsa kagetsi ka pa bolodi, chifukwa tikudziwa kuti ilibe vuto. Kenako pitani pa File, Preferences, muchonge kabokosi ka upload pamene palembedwa Show verbose output. Mukatero avrdude iyamba kulankhula zonse: port (khomo la pa kompyuta lopita ku bolodi) imene ikugogoda, liwiro limene ikugwiritsa ntchito, ndi pamene yagonjera.

Chachiwiri, livuleni bolodi

Chotsani chilichonse. Masensa, mota, sikirini, shield, zonse. Litsale bolodi ndi chingwe cha USB. Ndikudziwa kuti zimawawa kuzula mawaya amene munalumikiza masana onse, choncho jambulani kaye ndi foni.

Zifukwa zake ndi ziwiri. Pini 0 ndi pini 1, zolembedwa RX ndi TX, ndi njira yomweyo imene pulogalamu imadzera pochokera ku USB. Mukalumikizapo Bluetooth ya HC-05, GPS kapena GSM, ndiye kuti anthu awiri akulankhula pakamodzi m'khutu limodzi, ndipo kachip sikamva aliyense. Chifukwa china ndi mphamvu. Port wamba ya USB 2.0 imapereka 500 mA. Kamota ka servo kakamalimbana ndi katundu kamadya gawo lalikulu la imeneyo, ndipo SIM800L ikamafunafuna netiweki imatha kumeza mpaka 2 A kwa kanthawi kochepa. Magetsi akatsika chonchi, bolodi limadzizimitsa n'kudziyatsa pakati pa ntchito.

Yang'ananinso pansi pa bolodi. Timiyendo tonse ta kunsi kuja tili pamtunda, ndipo kachidutswa ka waya, sikuluwu kapena tebulo lachitsulo ndi zokwanira kulumikiza zosayenera kulumikizana. Liikeni pa katoni kapena pa buku.

Tsopano lowetsani USB. Kagetsi ka mphamvu, kolembedwa ON kapena PWR, kayenera kuyaka mosaphethira. Kakapanda kuyaka, gwirani bolodi ndi chala mosamala. Pakapezeka kanthu kotentha kosagwirika, zulani msanga. Arduino Uno, bolodi lokulirapo kuposa Nano, ili ndi kafyuzi kodzibwezeretsa kamene kamadula magetsi akapitirira 500 mA, n'kubwerera kakazizira. Nano ilibe mwayi umenewo: ili ndi kadiode kakang'ono pakati pa USB ndi 5V, ndipo 5V ikakhudzana ndi GND, imene ndi mbali ya negative, kameneka n'kamene kamapsa. Kakapsa bolodi silinafe, koma pafunika wodziwa kuwotcherera tinthu ting'onoting'ono. Okonza mafoni mumsika amakasintha mosavuta.

Chachitatu, chingwe

Apa ndichedwapo, chifukwa m'pamene panandigwetsa.

Chingwe chokwanira cha USB 2.0 chili ndi mawaya anayi mkati. Awiri, amene nthawi zambiri amakhala wofiira ndi wakuda, amanyamula magetsi a 5V. Ena awiri, woyera ndi wobiriwira, amanyamula uthenga. Opanga zingwe zotchipa, zija zimabwera m'bokosi limodzi ndi tochi, kasipika, nyali ya sola kapena power bank, amasiya awiri a uthengawo kuti asunge kopa. Kunja simungasiyanitse. Choipa kwambiri n'chakuti bolodi limayaka bwinobwino, timagetsi tonse mbee, inu n'kukhulupirira kuti kompyuta yaliona. Ilo likungodya magetsi, kompyuta sikudziwa n'komwe kuti kwabwera mlendo.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Pa Windows, kwezani voliyumu n'kulowetsa chingwe: kompyuta ikaona chipangizo chatsopano imalira kaphokoso kake kaja. Ikakhala chete, kayikirani chingwe. Ngati mutu wa chingwecho ukulowa pa foni, lumikizani foni muone ngati ikufunsa zotumiza mafayilo. Foni ikangoyamba kuchaja osafunsa kanthu, yankho mwalipeza. Koma dziwani kuti mitu imasiyana: Uno R3 imafuna chingwe chachikulu ngati cha printer, Nano yakale imafuna mini-USB, pamene ma Nano ena atsopano ali ndi micro-USB kapena USB-C. Cha printer sichinama kawirikawiri. Za mini ndi micro ndiye zachinyengo.

Palinso chingwe chimene chinali chabwino koma chathyokera mkati pafupi ndi mutu. Chimenechi chimagwira lero, mawa ayi, ndipo chimapengetsa kuposa chakufiratu. Chigwedezeni pang'ono chili cholumikiza. Kompyuta ikamalira kulowa ndi kutuluka, chitayeni. Yesaninso port ina ya USB pa kompyuta yeniyeniyo, osadzera pa hub.

Mwina mukufunsa kuti ngati kompyuta sinaone bolodi, uthenga uja wa programmer is not responding unachokera kuti. Makompyuta ambiri a pa desiki amaonetsa port yotchedwa COM1 nthawi zonse, ngakhale palibe chimene mwalumikiza. Ine ndinaona COM1 ili yokhayokha pa mndandanda, n'kuisankha. Usiku wonse avrdude inkagogoda pa nyumba yopanda anthu.

Chachinayi, port ndi driver

Njira yodziwira port yoona ndi iyi. Zulani bolodi, tsegulani Tools, Port, muone zimene zilipo. Tsekani, lowetsani bolodi, tsegulaninso. Imene yangobwera kumene ndiyo yanu. Ngati palibe yatsopano ndipo chingwe mwachitsimikiza, nkhani ndi ya driver, kapulogalamu kothandiza kompyuta kuzindikira bolodi.

Pano mpofunika kambiri pang'ono. Arduino inayambira ku Ivrea, m'dziko la Italy, mu 2005, ndipo eni ake anaika poyera mapulani a bolodi kuti aliyense athe kupanga lake. N'chifukwa chake mabolodi ambiri amene timagula ndi opangidwa ndi makampani ena. Si akuba, ndipo amagwira ntchito bwino, koma amasiyana pa kachip kamene kamamasulira pakati pa USB ndi ATmega328P, kachip kakakulu kamene kamayendetsa pulogalamu yanu. Uno R3 yeniyeni ili ndi ATmega16U2, Nano yeniyeni ili ndi FT232RL ya FTDI, pamene otchipawa amaika CH340 ya kampani ya WCH ya ku Nanjing. Tembenuzani Nano yanu muwerenge kachip ka kunsi. Ngati maso akukanika, jambulani ndi foni n'kukulitsa chithunzi.

Pa Windows tsegulani Device Manager. Zikakhala bwino, pa gawo la Ports mupeza USB-SERIAL CH340 ndi nambala ya COM. Mukapeza chipangizo chili ndi kachizindikiro kachikasu pa gawo la Other devices, driver palibe. Windows 10 ndi 11 zimatha kuitenga zokha pa intaneti, koma ngati munalumikiza bolodi tsiku limene munalibe bandulo, sizinatheke. Tengani fayilo ya CH341SER pa tsamba la WCH lenilenilo, osati pa masamba aja odzaza mabatani abodza a Download. Dzinalo lisakudabwitseni, imagwiranso pa CH340. Ndi kafayilo kakang'ono. Kasungeni pa flash, tsiku lina mudzathandiza mnzanu.

Pa Linux driver ilimo kale, koma pali misampha iwiri. CH340 imaoneka ngati /dev/ttyUSB0, Uno yeniyeni ngati /dev/ttyACM0. Mukaona Permission denied, ndiye kuti dzina lanu silili m'gulu lololedwa kugwira ma port. Pa Ubuntu ndi Debian lembani sudo usermod -a -G dialout $USER, kenako tulukani mu akaunti n'kulowanso. Popanda kutuluka sizisintha, ndipo ambiri amaiwala pamenepa.

Msampha wachiwiri ndi wodabwitsa. Pa Ubuntu 22.04 pali pulogalamu yotchedwa brltty, yothandiza anthu osaona kugwiritsa ntchito makina owerengera Braille. Makina ena otero amadzizindikiritsa ndi nambala yofanana ndi ya CH340, 1a86:7523, choncho brltty ikaona bolodi lanu imalitenga ngati lake. Port imaoneka kwa sekondi imodzi n'kusowa. Lembani sudo dmesg mutangolowetsa bolodi, ndipo mukaona dzina la brltty m'mizere yomaliza, wakuba mwamugwira. Ngati pa kompyutapo palibe amene amadalira Braille, sudo apt remove brltty imathetsa nkhani. Ngati alipo, musaichotse, gwiritsani kompyuta ina.

Chachisanu, mwauza IDE bolodi loona?

Pa Tools, Board, sankhani dzina lenileni la bolodi lanu. Kwa a Uno nkhani yathera pomwepa. Kwa a Nano pali mzere wina pansi pake wolembedwa Processor, ndipo umenewu wapha ma Nano ambiri amene sanafe.

Mkati mwa ATmega328P mumakhala kapulogalamu kakang'ono kotchedwa bootloader. Ndi mlonda wa pachipata: bolodi likachita reset, iye amamvetsera kwa kanthawi ngati kukubwera pulogalamu yatsopano, ndipo kukakhala zii amatsegulira yakale kuti iyambe. Mu 2018 a Arduino anasintha bootloader ya Nano. Yakale imalankhula pa liwiro la 57600, yatsopano pa 115200. Mabolodi ambiri otchipa amabwerabe ndi yakale, pamene IDE imayamba ndi kuganiza kuti muli ndi yatsopano. Wina akulankhula mothamanga, wina akumva pang'onopang'ono, ndiye zotsatira zake ndi not in sync kakhumi. Pa Processor sankhani ATmega328P imene yalembedwa Old Bootloader, muyesenso. Ikakana, bwererani ku inayo. Ndi masekondi ochepa, ndipo pa Nano ndi chinthu chimene ndimayesa ndikangotsimikiza chingwe.

Mukadali pomwepo werengani kachip ka pamwamba. Ma Nano ena otchipitsitsa ali ndi ATmega168, imene ili ndi malo a 16 KB m'malo mwa 32 KB, ndipo ili ndi mzere wakewake pa Processor. Ena ali ndi LGT8F328P, kachip kena kongofanana nako, kamene kamafuna kuti muike phukusi lake mu Boards Manager. Wogulitsa mwina sanakuuzeni chifukwa nayenso sakudziwa.

Chachisanu ndi chimodzi n'chachifupi. Port imalola pulogalamu imodzi yokha pa nthawi. Uthenga ukakhala Access is denied kapena can't open device, pali wina waigwira: zenera lina la IDE, PuTTY, kapulogalamu ka Python kamene munaiwala kutseka, kapena pulogalamu ya 3D printer. Tsekani zonse, zulani chingwe, lowetsaninso.

Chachisanu ndi chiwiri, onani timagetsi

Ngati mwafika pano zisanatheke, bolodi lenilenilo liyambe kufunsidwa mafunso. Dinani batani la RESET mukuyang'ana kagetsi kolembedwa L, kamene kali pa pini 13. Pa Uno kamaphethira mofulumira katatu. Pa Nano ya bootloader yakale kamaphethira kamodzi. Kuphethira kumeneko ndi mlonda uja akuti ndilipo.

Tsopano dinani Upload mukuyang'anabe. Kagetsi ka L kayenera kuphethira kokha pamene avrdude ikuyamba, chifukwa kompyuta imachititsa reset kudzera pa mzere wa DTR ndi kakapasita ka 100 nF. Kenako RX ndi TX ziyenera kuthwanima mothamanga. RX yokha ikamaphethira mwa apo ndi apo, TX ili duu, ndiye kuti kompyuta ikuitana koma kachip sikakuyankha.

Ngati L amaphethira mukadina RESET ndi chala koma saphethira pa Upload, reset yodzichitikira ija yafa. Mutha kuichita pamanja. Gwirani RESET osasiya, dinani Upload, dikirani mpaka mizere yonena kukula kwa pulogalamu ituluke ndipo mawu a Uploading aoneke, pamenepo siyani batani. Mlonda amangodikira pafupifupi sekondi imodzi, choncho musadabwe kulephera kawiri katatu. Zili ngati kukwera minibasi ikuyenda, mumazolowera.

Chomaliza, kubwezeretsa bootloader

L akapanda kuphethira n'komwe pa RESET, pamene magetsi alipo ndipo port ikuoneka, mwina bootloader yafufutika. Imabwezeretsedwa, koma pafunika Arduino ina yamoyo. Bwerekani.

Pa yamoyoyo lowetsani pulogalamu ya ArduinoISP, imene ili pa File, Examples, 11.ArduinoISP. Ikalowa zulani USB, mulumikize mawaya asanu ndi limodzi. Pini 11 ya yamoyo ipite pa 11 ya yodwala, 12 pa 12, 13 pa 13, 5V pa 5V, GND pa GND. Womaliza ndi amene anthu amalakwitsa: pini 10 ya yamoyo ipite pa RESET ya yodwala, osati pa 10. Kenako pa yamoyo ikani kapasita ya 10 uF pakati pa RESET ndi GND, mwendo wa mbali ya mzere woyera uli ku GND. Ntchito yake ndi kuletsa yamoyoyo kudzichita reset pamene ikufunika kugwira ntchito. Muiike pulogalamu ya ArduinoISP italowa kale, chifukwa ikakhalapo Upload siidutsa.

Lowetsani USB pa yamoyo yokha. Pa Tools, Board ikhale ya yodwala, Port ikhale ya yamoyo, Programmer ikhale Arduino as ISP. Samalani, pa mndandandawo pali dzina lina lofanana nalo, ArduinoISP, limene ndi chipangizo china. Dinani Burn Bootloader. Zikayenda, mu verbose muona avrdude yawerenga nambala ya kachip, 0x1e950f, imene ndi ya ATmega328P. Ikawerenga 0x000000, onaninso mawaya musanalire maliro, chifukwa timawaya ta breadboard timathyokera mkati ngati zingwe za USB zomwe. Ngati muli ndi mita yoyezera magetsi, yesani kamodzikamodzi pa malo aja amalira mukagunditsa nsonga. Mawaya onse akakhala abwino koma nambala ikadali ziro, kachip kapita. Pa Uno ya kachip kakatali ka miyendo 28 kokhala mu soketi, mumangokazula n'kuikapo kena kokhala kale ndi bootloader. Pa Nano n'kowotcherera, ndipo kugula bolodi lina kumatchipa kuposa kuvutika nako.

Kumbukirani kuti ngati pa Nano munasankha ATmega328P wamba pochita Burn Bootloader, tsopano ili ndi bootloader yatsopano. Old Bootloader ija siigwiranso.

Blink ikalowa

Kagetsi kakayamba kuyaka sekondi imodzi, kuzima sekondi imodzi, musathamangire kubwezera zonse pakamodzi. Lowetsani pulogalamu yanu bolodi lili lovula. Kenako zulani USB, bwezerani chipangizo chimodzi, lowetsani, yesani Upload. Chimene chidzabweretse vuto lija mudzachigwira m'manja. Chikakhala cha pa pini 0 ndi 1, chisamutsireni pa mapini ena, monga 2 ndi 3, pogwiritsa ntchito library ya SoftwareSerial imene imabwera kale ndi IDE. Chikakhala mota kapena GSM, chipatseni magetsi akeake, koma GND yake ilumikizane ndi GND ya Arduino.

Mukatsegula Serial Monitor, zenera la mu IDE loonetsa zimene bolodi likutumiza, n'kupeza zilembo zosamveka ngati kwalemba nkhuku, bolodi silinapenge. Nambala ya mu Serial.begin iyenera kufanana ndi imene yasankhidwa pa Serial Monitor. Ngati munalemba 9600, sankhani 9600.

Chingwe chimene chagwira ntchito chimangeni kaselotepi kofiira pafupi ndi mutu, ndipo musachibwereketse kwa wofuna kuchaja foni. Changa chochajira kawailesi chija ndinachidula pakati kuti ndione ndi maso: mawaya awiri okha, wofiira ndi wakuda. Pano ndi chimene chimapereka 5V pa breadboard.

Za thanki zija, kachipangizo kanagwira bwino masabata angapo, kenako kanayamba kunena kuti madzi adzaza pamene pampopi sipakutuluka kanthu. HC-SR04 sinapangidwire chinyezi, ndipo nthunzi ya mu thanki imasanduka madontho pa timaso take tiwiri tija. Ngati mukupanga chonga chimenechi, gulani JSN-SR04T, imene mutu wake ndi wotsekedwa kuti madzi asalowe. Mapini ake ndi omwewo, Trig ndi Echo, ndipo kuwerengera kwake n'komweko: ma microsecond kugawa ndi 58 kumakupatsani masentimita. Kungoti siona chinthu chimene chili pafupi kuposa masentimita 20 kapena 25, ndiye muimangirire pamwamba ndithu pa mzere umene madzi amafika thanki ikadzaza.